Mimba ya Apongozi Anga

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza chifukwa anzanga adaikana. Titamaliza maphunziro a unamwino ku Tete, aliyense ankafuna kutsala m'tauni momwe muli magetsi ndi msika. Chipatala chaching'ono cha kumbali ya Mualadzi padalibe wochifuna. Ine ndidachipempha ndekha, ndipo mkulu amene ankagawa malo adandifunsa kawiri ngati ndamva bwino kumene chili. Sankadziwa kuti mkazi wanga Rosária kwawo n'komweko, tsidya lina la dambo, komanso kuti podikira ntchitoyo ndidali nditayamba kale kukhala pachikamwini ndi kulima m'munda mwa amayi ake.

Apongozi angawo, a Nambewe, adali mayi wamasiye, wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo Misa sankaiphonya. Mwambo adaugwira zolimba. Chikwatirire ine ndi iwo tidali tisadayang'anizanepo m'maso. Tikakumana m'njira ndinkapatukira kutchire n'kunyonyomala mpaka atadutsa. Akafuna nkhwangwa yanga ankatuma Rosária, ngakhale ine nditakhala pabwalo pomwepo ndikumva. Sindinkaona kuti n'cholemetsa. Bambo anga nawo ankatero kwa apongozi awo, ndipo ndidakula ndikudziwa kuti ulemu wa mwamuna umaonekera pamenepo.

Pachipatalapo tidalipo atatu: mzamba, ine, ndi mkulu wathu Dona Filomena. Iwo sadali dokotala koma tekinika, munthu wophunzira kupima odwala ndi kulemba mankhwala kumene kulibe dokotala. Zida zathu zidali zochepa. Tidali ndi makina opopa pamanja oyezera tensau, kutanthauza mphamvu imene magazi akuyendera m'thupi, chomvetsera cha m'makutu, mabotolo a soro olowetsera madzi m'mitsempha, ndi masonda, timapaipi tofewa tolowetsa pamphuno mpaka m'chifu kuti zodzaza m'menemo zizituluka. M'kabati mudalinso fita yoyezera, yonga ya atelala.

Pa nthawi ya maphunziro ndidakhalako masabata angapo m'chipinda cha odwala mwakayakaya ku chipatala chachikulu. Dokotala wina wa opaleshoni adatiuza mawu amene ndidawasunga osawamvetsa bwino. Adati: “Magazi akachepa mphamvu, thupi limayamba lamana matumbo kuti lipulumutse mutu ndi mtima. Akamanidwa nthawi yaitali amafa, mwini wake akadali kupuma.” Kumeneko ankatenga magazi a wodwala n'kuika m'makina, makinawo n'kusonyeza ngati asidi akukwera, chomwe ndi chizindikiro chakuti penapake m'thupi sipakufika magazi. Kwathu zotere kudalibe. Nditawafunsa Dona Filomena za makinawo m'masiku anga oyamba, adangoti kuno munthu amamvetsera, amagwira, amayeza ndi fita, ndipo sanyansidwa kuyang'ana zimene wodwala watulutsa.

Tsiku limene ndikufuna kunenali lidafika m'nyengo ya mvula, chimanga chikumasula. Dambo lidali litadzaza, kotero sabata imeneyo ndinkagona m'kanyumba ka pachipatala osapita kumudzi. Mzamba adali atapita kumaliro kwawo. M'mawa ndikusesa m'chipinda chobayira jekeseni ndidaona ngolo ikulowa pabwalo. Woyendetsa ng'ombe adali a Mbewe, alongo awo a apongozi, omwe ndi malume ake a Rosária komanso eni mbumba. Rosária ankayenda pambali atagwira m'mphepete mwa ngoloyo. M'kati mudagona munthu wofundidwa nsalu ya kapulana mpaka kumutu, ndipo mapazi okha ndi amene adandiuza kuti ndi ndani.

Apongozi anga adali atatsegula m'mimba ndi kusanza masiku angapo, akubisa, akumati ndi zakudya zatsopano za m'munda. Pofika kwathu maso adali atalowa m'kati, manja ali zii, khungu ukalitsina osabwerera. Mtsempha wa pamkono unkamveka mwapatalipatali, ndipo mtima unkagunda modumphadumpha. Tensau idali pansi kwambiri moti Dona Filomena adayeza kawiri. Adawaika soro mikono yonse iwiri, ine nditagwira mabotolo kwinaku ndikuyang'ana khoma. Sonda ya pamphuno ndi kapaipi ka mkodzo adaika okha mothandizidwa ndi Rosária, ine nditatuluka panja. Mumtima ndidathokoza kuti pali mayi woti achite zonsezo.

Kuthokozako sikudakhalitse. M'chipinda choberekera mudali mtsikana wa mimba yoyamba amene adayamba kutaya magazi mwana asadabadwe. Dona Filomena adandiitanira pakhonde, akusamba m'manja mofulumira.

“Tensau ikwera ndi soroyu,” adatero. “Nkhawa yanga ndi matumbo. Akhala nthawi yaitali magazi asakufikako bwino. Muzimvetsera m'mimba, muzigwira, muziyeza ndi fita, muziona zotuluka m'sonda ndi zapansi zomwe. Chikasintha chilichonse mundiitane.”

“Dona, ajawa ndi apongozi anga.”

“Ndikudziwa, a Celestino. Kapena mupite inu mukabereketse, ine nditsale kuno?”

Sadadikire yankho. Ankadziwa kuti kubereketsa mayi wotaya magazi sindikadatha.

M'chipinda cha amayi mudagona odwala ena, ndipo awiri mwa iwo adali a m'mudzi mwa Rosária momwemo. A Mbewe adakhala pabenchi pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. Ndidazungulira kaye, ndikukonza mabotolo omwe adali okonzeka kale. Kenako ndidaganiza nzeru. Ndidapatsa Rosária mutu wa chomvetsera kuti aziika pamimba pa amayi ake, ine n'kuvala za m'makutu nditafulatira, nkhope ili kuzenera. Paipi yake ndi yaifupi, ndiye ndidachita kupindikira chagada ngati munthu wothyoka msana. Zimene ndidamva ndi kukhwekhwereza kwa nsalu ndi zala za Rosária basi. Mayi wa pabedi loyandikana adaseka chamumtima, atatseka pakamwa ndi nsalu, koma bedi lake linkagwedezeka.

Rosária adandibwezera chomvetseracho. Adalankhula motsitsa, osandiyang'ana.

“Ingochitani, abambo. Ndiwafunda kumaso.”

Adatenga kapulana yake n'kuphimba nkhope ya amayi ake. Ine ndidasamba m'manja, n'kuwatikita kuti afunde, n'kugwada pambali pa bedi. Ndidati, “Zikomo, amayi. Pepani.” Aka kadali koyamba kuwalankhula ndili pafupi chotero. Rosária adavundukula kuyambira pansi pa nthiti mpaka kumunsi kwa mchombo.

Mimba za odwala ndidali nditaona zambiri ku Tete, ndipo ndinkaganiza kuti ndidazolowera. Iyi idali ndi mizere ya uchembere, ndipo mmodzi mwa ana amene adaisiya mizereyo adali mkazi wanga. Mozungulira mchombo mudali mphini zakale zodzikongoletsera, zotemedwa ali mtsikana, zimene woyenera kuziona adali malemu amuna awo okha. Chingwe chimodzi cha mikanda chidaonekera m'chiuno, Rosária n'kuchikankhira pansi pa nsalu mwamsanga. Nkhope yanga idatentha mpaka m'makutu. Thukuta lidatsika m'khwapa n'kunyowetsa malaya oyera a ntchito. Ndidamva benchi likulira kumbuyo kwanga. A Mbewe adali atadzuka n'kutuluka.

Ndidaika chomvetsera kumanja mmunsi, kumanja mmwamba, kenako kumanzere chimodzimodzi, paliponse ndikudikira kwakanthawi. Mimba ya munthu wamoyo imalira, ngakhale ali m'tulo. Iyi inkalira ndithu, koma mwapatali, kamodzikamodzi. Kenako ndidagwira, poyamba mopepuka, pambuyo pake mozamitsa zala. Mimba idali yofewa, yosatupa, koma iwo ankabuula pansi pa kapulana ndi ululu woti thupi lonse linkanjenjemera. Zimenezi tidaziphunzira: ululu ukakula kuposa zimene dzanja likupeza, uganizire za magazi osafika kumatumbo. Ndidapempha Rosária kuti adutsitse fita pansi pa msana, ine n'kuikumaniza pa mchombo. Kuti ndiziyeza pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndidayenera kujambula timizere tiwiri ndi cholembera m'mbali mwa mimba. Kamzere kena kadapindika.

Kuyambira pamenepo ndinkabwerera pafupipafupi. Ulendo uliwonse Rosária ankafunda nkhope, ine n'kupepesa, n'kuchita zomwezo. Ndinkayembekezera kuti kachiwiri kapena kachitatu manyazi achepa, koma sadachepe. Amayi a m'chipindamo adasiya kuseka. Ndikalowa ankatembenukira kukhoma onse, ndipo zimenezo zidandiwawa kuposa kuseka kuja.

Dzuwa lili paliwombo zinthu zidaoneka ngati zayamba kukoma. Tensau idakwera, manja adafunda, kutsegula m'mimba kudaleka. Apongozi adapempha madzi, ine n'kuuza Rosária kuti angowanyowetsa milomo ndi kansalu. Abale amene adafika wapansi kuchokera kumudzi adayamba kumasuka pakhonde, wina mpaka adatulutsa mizimbe. Koma mkodzo m'thumba udali wochepa kwambiri poyerekeza ndi soro amene adalowa. M'mimba mudayamba kuti zii, moti ndinkadikira nthawi yaitali osamva kanthu. Fita idawonjezera zala ziwiri. Zotuluka m'sonda, zomwe m'mawa zidali zobiriwira, zidasanduka zoderako, ndipo fungo lake lidasintha.

Ndikuyang'ana thumba la sondalo, ndidaona Rosária akudutsa kumbuyo kwanga mofulumira, atanyamula beseni lovindikira ndi nsalu. Ankapita nalo kuchimbudzi. Ndidamupeza pakhomo, pamaso pa anthu onse a pakhonde aja.

“Taimani kaye. Ndione.”

Adandiyang'ana misozi ili m'maso. “Izi zokha ayi, abambo.”

“Ndikapanda kuona ine, aona ndani?”

Adatembenuza nkhope n'kukweza nsaluyo pang'ono. Zidali zochepa, zamadzimadzi, zofiira moderako ngati msuzi wa nyemba, zosakanikirana ndi zonanda. Adali magazi ochokera m'matumbo amene ayamba kuwonongeka. Wa mizimbe uja adauika pansi mzimbe wake.

Ndidagogoda kuchipinda choberekera. Dona Filomena adatuluka, adasamba, n'kubwera kudzagwira okha. Tsopano mimba idali itayamba kulimba, ndipo akaitsindika n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi apongozi ankadzidzimuka ndi ululu. Adayang'ana timizere tanga, adayeza, adayang'ana thumba. Adawabaya mankhwala olimbana ndi tizilombo ndi ochepetsa ululu, kenako adapita kukaima pachulu cha kuseri, pomwe foni imagwira, n'kuitana ambulansi. Pobwera adati: “Akufunika opaleshoni ku Tete, lero. Mukawauze eni ake. Ine wanga uja sadabereke.”

A Mbewe adali pansi pa mtengo wa mango ndi abale ena. Ndidanyonyomala chapatali pang'ono n'kuwomba m'manja. Ndidafotokoza kuti galimoto ikubwera ndipo odwala ayenera kupita ku chipatala chachikulu. Adandimvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana ng'ombe zawo.

“Kutsegula kwaleka,” adatero. “Thupi lafunda, munthu wapempha madzi. Ife tikuona kuti akuchira. Alongo anga mwawaona mokwanira, akamwini. Tsopano mukufuna akawang'ambenso alendo?”

Ndidayesa kufotokoza kuti kutsegulako kwaleka chifukwa matumbo asiya kugwira ntchito, kuti mbali ina yake ikufa chifukwa idakhala nthawi yaitali yopanda magazi okwanira, ndipo ikaphulika m'kati palibe chimene tingachite pano.

“Mwadziwa bwanji kuti akufa? Mwalowamo?”

Padali amayi, padali alamu anga. Ndidayang'ana pansi n'kunena kuti ndamvetsera, ndagwira, ndiponso ndaona zimene atulutsa, ndipo muli magazi.

A Mbewe atalankhula, sadanditchulenso inu.

“Iwe, kwanu kulibe akuluakulu?”

Mawu amenewo adandilowa kuposa kumenyedwa. Ankanyoza bambo anga ndi amayi anga, koma mbali ina ya mtima wanga inkagwirizana nawo. Ndidangokhala chinyonyomalire, ndikuyang'ana nyerere zikudutsa pafupi ndi nsapato yanga. Ndikadadzuka n'kuchoka, nkhani ya ulendo ikadathera pomwepo, choncho sindidadzuke. Ndidabwerezanso motsitsa kuti akagona pano usiku uno, mawa tidzanyamula maliro.

Amene adatiwombola ndi odwala eni ake. Mawindo a chipindacho adali otsegula, ndipo zonse adazimva. Rosária adabwera kudzaitana malume ake, ine n'kutsatira pambuyo n'kuima pakhomo. Apongozi adali chifundire kumaso. Mawu awo adali ofooka, ndipo monga mwa masiku onse, adalankhula kwa mwana wawo.

“Uwauze malume ako kuti ululuwu ndikuumva ndine. Amene wandigwirayo wati ndipite. Ndipita.”

A Mbewe adavala chipewa chawo n'kukamasula ng'ombe kuti zikadye. Ambulansi itafika adathandiza kunyamula machira, osandiyang'ana.

Wodwala wotere sayenda wopanda namwino, ndiye ndidakwera nawo pamodzi ndi Rosária. Msewu udali woterera, ndipo galimoto ikagwa m'dzenje apongozi ankabuula. Ndinkasintha mabotolo a soro, kuyeza tensau, kukhuthula thumba la sonda. Dalaivala akaima kuti aone pooloka, phokoso la injini likatsika, ndinkaika chomvetsera pamimba. Mudalibenso kulira kulikonse. Penapake kapulana ya kumaso ija idatsetsereka ndi kugwedezeka kwa galimoto, Rosária ali kalikiliki ndi botolo. Ndidaibweza ndekha, maso anga ali kumbali.

Ku Tete adawalowetsa ku opaleshoni tsiku lomwelo. Adadula chigawo cha matumbo chimene chidali chitada, n'kulumikiza zotsalazo. Adakhala m'chipinda cha odwala mwakayakaya chija, chomwe ine ndidaphunziriramo, ndipo kumeneko makina ndi amene ankawayang'anira. Adabwerera kumudzi chimanga chitauma, ataonda kwambiri. Chichokereni apo amadya pang'onopang'ono, ndipo zakudya zamafuta sizikhala m'mimba mwawo. Koma adalimanso, ndipo ana athu adawabereka kumbuyo.

Kumudzi nkhaniyo idafika ine ndisadafike. Anyamata a pabawo ankanditcha dotolo wa apongozi, ndipo kutchalitchi ndinkaona amayi akugundana zigongono ndikamalowa. A Mbewe adatumiza mawu kwa ankhoswe anga kuti pakufunika nkhuku yopepesera. Ndidagula tambala woyera n'kupereka, osatsutsa. Dona Filomena atamva adakwiya. Adati: “Munthu mwamupulumutsa, ndiye akulipitseninso?” Ndidawayankha kuti ndidaona zimene mkamwini sayenera kuona, ndipo zimenezo n'zoona ngakhale padali chifukwa. Adapukusa mutu n'kubwerera ku ntchito yawo.

Bala la opaleshoni linkafunika kutsukidwa ndi kuonedwa kangapo. Chipatala chathu chidali pafupi, koma apongozi ankakwera panjinga ya mdzukulu wa alongo awo n'kupita ku chipatala china chakutali. Anthu ena ankati ndi kusathokoza. Ine mtima wanga udakhala pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti adachitira dala kuti tonse awiri tipume. Za tsiku lija sitidakambepo, ngakhale kudzera mwa Rosária.

Padutsa zaka, ndipo tsopano ophunzira unamwino amabwera kudzayeserera ntchito pamanja panga. Ndimawaphunzitsa kuti wodwala kwambiri akayamba kuoneka bwino kumaso, tensau itakwera, asathamangire kukauza abale kuti wachira asadamvetsere m'mimba. Ndimawaonetsa poika fita ndi pojambula timizere, ndipo ndimawaletsa kulola beseni kupita kuchimbudzi iwo asadavundukule. Ambiri mwa iwo adzagwira ntchito kumidzi ya kwawo, kumene wodwala aliyense ndi azakhali kapena aphunzitsi awo akale. Ena amandifunsa kuti manyazi amatha liti. Ndimawauza kuti anga sadathe, ndipo sindifuna kuti athe, chifukwa namwino wopanda manyazi amavundukula munthu ngati thumba la chimanga. Chimene ndidaphunzira n'chakuti sindiyenera kudikira kuti achoke kaye. Mpaka lero ndikafika pa bedi la munthu wamkulu nkhope imatentha. Ndimapepesa, ndimavundukula pokhapo pofunika, n'kuika dzanja.